Rice cooker pakhomo: kanyali kakayaka sindiye kuti mpunga uli bwino

Kuno kwa Chimaliro mpunga takhala tikuudziwa ngati chakudya cha pa Khirisimasi, cha paukwati ndi cha mlendo wochokera kutali. Minda yathu ndi ya chimanga, nandolo, mbatata ndi chinangwa, kwinaku tiyi ali biriwiri m'zitunda, ndiye mpunga timachita kugula kumsika: wa Faya, kapena Kilombero wa ku Karonga kwa amene thumba lawalola. Koma zinthu zikusintha. M'nyumba za aphunzitsi, za makapitawo ndi makalaliki a m'maesiteti, ngakhalenso za amayi a geni pa Goliati ndi pa Luchenza, mwayamba kupezeka poto wamagetsi wophikira mpunga, uja timangomutchula kuti rice cooker. Ena anamulandira pa kitchen top-up, ena anatumiziridwa ndi mwana wa ku Joni, ena akudikira kugawana ndalama za banki m'khonde mu Disembala kuti akagule ku Limbe.

Amayi anzanga akandifunsa ngati ndi chinthu chotayirapo ndalama, ndimawayankha kuti inde, ngati m'nyumba muli magetsi a ESCOM. Koma monga namwino ndili ndi nkhawa imodzi imene simudzaipeza italembedwa pa katoni, chifukwa amene anapanga potoyu sankaganizira dera limene magetsi amathima masana osatsanzika. Kuti nkhawayo imveke, tiyenera kudziwa kaye mmene potoyu amagwirira ntchito.

Poto woyamba wodzizimitsa yekha anatuluka ku Japan mu 1955, wa kampani ya Toshiba. Ntchito yomupanga inali m'manja mwa bambo wina dzina lake Yoshitada Minami, koma amene anaphika mpunga kambirimbiri, m'chisanu ndi m'nyengo yotentha, uku akuyeza kutentha kwake ndi kulemba, anali mkazi wake Fumiko. Nzeru yake ndi yapafupi. Madzi akamawira satentha kupitirira madigiri 100 ngakhale musonkhezere moto chotani, ndipo kuno kumtunda amawira asanafike n'komwe pa 100. Mukachotsa poto wam'kati muona kachitsulo kozungulira pakati, kamene kamatsika mukakadina. Kameneko ndi kamene kamamva kutentha. Madzi akadalipo kamangokhala chete. Akangouma, kutentha kumakwera, batani limadumpha kuchoka pa mawu oti Cook kupita pa Warm, ndipo moto waukulu umatha, n'kutsala wochepa wongosunga mpunga uli wotentha. Basi. Potoyu sadziwa nthawi, sadziwa ngati mwathira Faya kapena Kilombero, ndipo sadziwa kuti magetsi anathimapo. Amangodziwa kuti madzi atha.

Ubwino wake ndi weniweni

Ubwino woyamba ndi utsi. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja pafupifupi onse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo ophikira magetsi anali ngati awiri okha pa 100 alionse. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Ife a ku sikelo timaudziwa utsi umenewu: mayi wa miyezi isanu ndi iwiri ali chiweramire pa mafuwa kuuzira nkhuni zonyowa m'nyengo ya chiperoni, maso ali psuu, wina ali kumsana akutsokomola. Utsi umawonjezera chiopsezo cha chibayo kwa ana, ndipo kwa mayi woyembekezera umathandizira kuti mwana abadwe wochepa thupi.

Komabe tisamunamizire poto. Ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wokhudza ana oposa 10,000, amene zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, koma chibayo mwa ana awo sichinachepe poyerekeza ndi cha ana a mabanja ophikira pa mafuwa. Mwana amapuma utsi wa pakhomo ponse, wa zinyalala zootchedwa, wa moto wootha, wa kwa aneba. Rice cooker amachotsa utsi wa mphika umodzi. Ndi phindu ndithu, koma ndi la mphika umodzi.

Ubwino wachiwiri ndi nkhuni ndi nthawi. Amene tinakula tikuona phiri la Thyolo lili ndi nkhalango tikudziwa mmene layerera, ndipo mtolo wa nkhuni lero ndi ndalama. Yuniti imodzi ya magetsi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Poto wa mawati 700 akaphika kwa mphindi 30 wadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a yuniti, kutanthauza kuti yuniti imodzi ikuphikirani mpunga katatu. Tengani lisiti la mayunitsi amene munagula komaliza, muone mtengo wa yuniti imodzi, muuyerekeze ndi kajumbo ka makala. Mudzadzionera nokha.

Musanatulutse ndalama

Tiyambe ndi sola, poti funso limeneli limabwera kawirikawiri. Kasola kaja koyatsira mababu atatu, kotchajira foni ndi kuimbira wailesi sikangayendetse rice cooker. Mphamvu yake ndi mawati makumi ochepa chabe, pamene poto akufuna mazana angapo. Mukalimbikira mupha batire. Chimodzimodzinso magetsi okoka kwa aneba ndi kawaya kowonda kodutsa pa mtengo wa mango: kawayako kamatentha, ndipo kotereku n'kumene nyumba zimapsera.

Tembenuzani potoyo muwerenge kapepala ka kunsi kwake. Pakhale polembedwa 220-240V, chifukwa magetsi athu ndi a 230V. Katundu wina wakaunjika wochokera ku America amakhala wa 110V kapena 120V, ndipo ameneyo amapsa tsiku loyamba lomwelo. Onaninso pulagi. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona, ndipo m'kati mwa pulagi yabwino mumakhala fyuzi. Wochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, aakuluakulu, imene silowa m'soketi yathu. Apa ndi pamene ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Chonde musatero. Dzino lachitatu lija ndi limene limateteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi poto akaonongeka m'kati, ndipo ife timagwira poto ndi manja onyowa, nthawi zina opanda nsapato pa simenti. Pezani wodziwa zamagetsi akuikireni pulagi yoyenera. Ekisitenshoni yotchipa yapamsika, ija timalumikizapo mafoni, siyenera potoyu. Mukaona pulagi ikutentha kapena kununkha pulasitiki, zimitsani.

Pa kukula kwake, ambiri timakopeka ndi wamkulu, poti timaganiza za alendo. Kakapu kobwera ndi poto ndi ka mamililita 180, kochepera kapu yathu ya tiyi. Poto wa lita imodzi amaphika timakapu tisanu ta mpunga wosaphika, zokwanira banja la anthu anayi kapena asanu. Wa malita 1.8, amene ndi wofala kwambiri m'masitolo, amaphika timakapu 10 ndipo nthawi zambiri amakhala wa mawati 700. Langizo langa ndi lakuti mugule wolingana ndi pakamwa pamene mumadyetsa tsiku wamba, osati pa Khirisimasi. Poto wamkulu amanyengerera munthu kuphika wambiri, ndipo mpunga wotsala ndiye gwero la vuto limene ndikufuna tikambirane.

Wa batani limodzi ndi wokwanira. Aja a mabatani ambiri ndi manambala owala ndi okongola, koma magetsi akabwera mwamphamvu sachedwa kufa, ndipo wokonza simumupeza pafupi. Gwirani poto wam'kati: akhale wolemerako, wosapindika kunsi, wosakalika m'kati. Pemphani amuyatse muli pomwepo, ndipo lisiti musalisiye.

Kuphika ndi kusamala

Mpunga wapamsika umafuna lichero monga kale. Petani, sankhani timiyala, tsukirani m'beseni lina, osati m'poto wam'kati, chifukwa kamwala kamodzi kamakala utoto wakuda uja umene umaletsa mpunga kumatirira. Thirani mpunga m'poto, kenako madzi mpaka pa mzere wa nambala yofanana ndi timakapu timene mwayeza: timakapu tinayi, madzi pa mzere wa 4. Mpunga watsopano umafuna madzi ocheperako, wogonera chaka umafuna ochulukirako. Mukaphika kawiri katatu mudziwa khalidwe la thumba lanu. Pukutani kunsi kwa poto wam'kati musanamuike, pasakhale dontho kapena kambewu ka mpunga. Batani likadumpha musafulumire kuvundukula. Dikirani mphindi 10 kapena 15 kuti nthunzi imalize ntchito, kenako takasani ndi kachipande kake kapulasitiki kapena ka mtengo.

Ife tinaphunzitsidwa kuti mkazi waukhondo amakwecha poto ndi mchenga kapena phulusa mpaka awale ngati galasi. Uyu ayi. Mchenga, waya wotsukira ndi supuni yachitsulo zimamutha mwezi usanathe. Munyikeni m'madzi, nkhoko zifewe, mutsuke ndi kansalu ndi sopo. Chigoba chakunja, chimene chili ndi nthambo, sichilowa m'madzi; ingochipukutani mutazula pulagi. Muwauzenso ana ndi aliyense wokuthandizani pakhomo, chifukwa kawirikawiri wokwecha amakhala wofuna kukukondweretsani.

Magetsi akathima inu kulibe

Tsopano nkhawa yanga ija. Mu mpunga wosaphika mumakhala kachilombo kotchedwa Bacillus cereus, kochokera m'dothi. Kachilomboka kali ndi njere zake zolimba zimene sizifa ngakhale mpunga uwire. Mpunga ukakhala wotentha kwambiri, kupitirira madigiri 60, njerezo zimangogona, ndipo ntchito ya Warm ndi imeneyo. Ukakhala wozizira m'firiji zimagonanso. Koma ukakhala wofunda chabe, ngati thupi la munthu, zimadzuka, zimaswana, n'kutulutsa poizoni. Poizoni ameneyu saphedwa ndi moto. Mutha kuutenthetsanso mpungawo mpaka utuluke nthunzi, iye ali momwemo. Ndipo nthawi zambiri mpungawo sununkha, susintha maonekedwe, ngakhale kuulawa simungadziwe.

Taganizirani mayi amene akulawirira kukathyola tiyi kapena kupita ku geni. Waphika mpunga 5 koloko m'mawa, wausiya pa Warm kuti ana akaweruka kusukulu adzapeze chakudya chotentha. Ndi chikondi, ndipo ndi chifukwa chake anagulira potoyo. Magetsi athima 8 koloko. Poto ndi wovundikira bwino, ndiye mpunga suzizira msanga. Umatsika pang'onopang'ono n'kukhala maola ambiri uli wofunda, mpweya umene kachilombo kaja kamaukonda. Magetsi abwera 1 koloko. Kanyali ka Warm kayakanso ngati palibe chachitika, mpunga watenthanso. Ana afika 2 koloko, aona kanyali, agwira poto ndi wotentha, adya. Madzulo mayi akufika apeza onse akusanza, ayamba kukayikira madzi, mango osapsa, mwinanso munthu. Poto palibe amamuganizira.

Kuthima kwa magetsi si nkhani yachilendo kwa ife. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, mmene tinkakhalira maola ambiri mumdima mpaka chaka chotsatira. Ngakhale zinthu zili bwino, mtengo umagwera nthambo, mayunitsi amatha inu muli kumunda. Choncho Warm ndi wodalirika pokhapokha pakhomo pali munthu wamkulu amene angaone kuti magetsi athima.

Wina anena kuti, "Koma amayi, mkute timadya m'mawa uliwonse, bwanji sitifa?" Zoona, nthawi zambiri timapulumuka, ndipo munthu wamkulu wathanzi akadwala matendawa amasanza kwa tsiku limodzi n'kuchira. Kusanzako kumayamba pakangopita ola limodzi mpaka asanu chidyereni. Koma mwana wa chaka chimodzi alibe madzi ambiri oti ataye m'thupi. Mayi woyembekezera, agogo, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, nawonso sachedwa kufooka. Komanso mkute wa m'mbale umazizira msanga ndi mphepo ya usiku, pamene poto wotseka amasunga kufunda kuja nthawi yaitali, makamaka mu Okutobala ndi Novembala.

Malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Ndiye ngati magetsi athima mpunga uli pa Warm, idyani pasanathe maola awiri. Ngati simukudziwa kuti anathima nthawi yanji, funsani aneba. Ngati palibe akudziwa, mpungawo musapatse ana. Ndikudziwa kuwawa kwake kutaya chakudya chogula ndi ndalama yothyolera tiyi pamvula, koma ulendo wa kabaza usiku kupita kuchipatala ndi wodula kuposa timakapu titatu ta mpunga.

Njira yabwino kwa mayi wochoka m'mawa ndi iyi: petani ndi kusankha mpunga, muuyeze, muusiye wouma m'mbale yovundikira, madzi ake muyezeretu m'botolo. Mwana wamkulu akaweruka atsuke, athire, adine batani. Pakutha pa mphindi 30 adya wapompopompo. Akapeza magetsi kulibe, palibe chaonongeka, mpunga wouma sudwalitsa munthu.

Magetsi akathima mpunga uli pakati pa kuwira, musaudikire. Ukhuthulireni m'poto wamba mumalizire pa mbaula nthawi yomweyo. Poto wam'kati musamuike pamoto, chifukwa kunsi kwake kukapindika sakhudzananso bwino ndi kachitsulo kaja, ndiye amayamba kupsereza kapena kusiya mpunga wosapsa. Ngati madzi anali atauma kale, ingosiyani chivundikiro chili chitsekere kwa mphindi 15, upsa wokha. Zulaninso pulagi, poti magetsi pobwera nthawi zina amadza mwaukali.

Wotsala, ngati muli ndi firiji, muuchotse m'poto msanga, muuyale m'mbale yaikulu kuti uzizire pasanathe ola, muuike m'firiji, mudye mawa lake lomwelo mutautenthetsa kamodzi kokha mpaka nthunzi ituluke paliponse. Ngati mulibe firiji, phikani wotha, ukatsala gawirani apafupi udakali wotentha. Khanda limene layamba kumene kudya lisapatsidwe mpunga wogona.

Mwana akayamba kusanza, mupatseni Thanzi ORS pang'onopang'ono ndi supuni, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Koma ngati akusanza chilichonse, akukana kumwa, maso alowa m'kati, wafooka kapena akungogona, wakomoka, kapena thupi latentha, musagone naye pakhomo. Thamangirani kuchipatala cha Chimaliro kapena chilichonse chapafupi, chifukwa malungo nawonso amayamba chomwecho, ndipo amafunika kuyeza magazi.

Nthunzi ndi ana

Poti potoyu alibe lawi, ana samuopa, ndipo ife timaiwala kuti ndi moto. Pa kabowo ka pa chivundikiro pamatuluka nthunzi yootcha koposa madzi owira. M'nyumba zambiri soketi ili m'munsi pabalaza, ndiye poto amaikidwa pansi, pomwe mwana wokwawa amafika. Muikeni pa tebulo lolimba, chakukhoma, nthambo isalendewere poti mwana angakoke. Povundukula, chivundikiro chiyang'ane kumbali, ndipo ngati mwabereka mwana kumbukirani kuti mukawerama nkhope yake imasuzumira paphewa panu.

Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira pamalopo mosalekeza kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta, ufa kapena dothi. Zonsezi zimasunga kutentha ndi kulowetsa tizilombo, ndipo ife kuchipatala timayamba tazichotsa kaye, mwana akulira. Matuza musaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera. Bala la kumaso, m'manja, kumalo obisika, kapena loposa chikhatho cha mwanayo, ndi la kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga nsima?

Nsima ayi. Imafuna mthiko ndi mphamvu, ndipo poto wam'kati sangapirire. Batani nalonso limadumpha phala likangolimba. Choncho mbaula musaitaye. Phala la ana limatheka, koma limafufuma n'kusefukira, ndiye mukhale pomwepo chivundikiro chili chotsekula. Nyemba zouma zimapsa ngati mwaziviika usiku, koma zimadya mayunitsi kwa ola ndi kupitirira, ndipo ziyenera kuwira kwenikweni pa Cook, osati kufewetsedwa pa Warm, chifukwa nyemba zosawira bwino zimapweteka m'mimba. Amene vuto lake lalikulu ndi makala a nyemba, kuli bwino asunge ndalama adzagule pressure cooker yamagetsi. Kasefa kamene kamabwera ndi mapoto ena n'kothandiza: mpunga ukuwira pansi, pamwamba mukuphika maungu, mbatata yoduladula kapena mazira ndi nthunzi yomweyo.

Kwa amene muli ndi matenda a shuga, kapena munapezeka ndi shuga muli oyembekezera, dziwani kuti mpunga woyera umakweza shuga m'magazi mofulumira, ndipo kuphweka kwa kuphika kusachititse kuti ukhale wa tsiku lililonse. Mpunga ndi wa gulu limodzi chabe mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja timaphunzitsa ku sikelo. Kuno tili ndi mwayi wa nandolo. M'nyengo yake, tengani timakapu titatu ta mpunga, kamodzi ka nandolo wamuwisi wosenda, anyezi, tomato mmodzi, supuni ya mafuta ndi mchere pang'ono, madzi apitirire pang'ono mzere wa 3, mudine batani. Batani likamadumpha nandolo amakhala atapsa, ndipo patsala kungofwafwaza masamba. Wosakaniza chonchi sachedwa kusasa kuposa mpunga wokhawokha, ndiye muyeze wongokwana chakudya chimodzi.